Anagwirizana pa Mutu wa Akapitawo

Nditatumizidwa kukagwira ntchito ya unamwino ku Mchinji, nyumba za pachipatala ndinazipeza zodzaza. Mnzanga wa kuwodi ya amayi ndiye anandilozera kanyumba ka lendi kufupi ndi pa Kamwendo, kuseri kwa nyumba ya bambo wina amene aliyense ankangowatchula kuti akapitawo. Mmawa ndinkakwera minibasi kupita kuboma, madzulo n'kubwerera. Ine kwathu n'kummwera, kuminda ya tiyi, ndipo m'dera lonselo ndinalibe mbale. Banja la akapitawo ndilo linasanduka abale anga, ngakhale sindinganame kuti bambowo ndinkawakonda.

Anali kapitawo pa depoti ya kampani ina ya boma yogula mtedza ndi soya kwa alimi. Depotiyo inali chishedi chachikulu cha malata, mpanda wa waya, ndi sikelo. Pasikelopo m'pamene panali ufumu wawo. Anali munthu wamtali, wa mawu aakulu, wovala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Analinso munthu wa chipani cholamula, osati wongoponya voti, koma woti mtsogoleri wawo akanyozedwa pawailesi tsiku limenelo sadya. Mlimi akafika ndi matumba ake, iwo ankayamba kuyang'ana nkhope asanayang'ane mtedza. Wa chipani chawo ankadutsa. Wodziwika kuti amavinira otsutsa ankauzidwa kuti mtedza wake ngwonyowa, akauyanike kaye, abwere sabata yamawa. Sabata yamawayo ikafika, mtedza unkapezeka kuti uli ndi miyala.

Izi sankabisa. Ankandiuza okha pakhonde, akuvula nsapato.

"Anesi, boma ndi ife. Wofuna kudya za boma adziwe khomo lolowera."

Akazi awo anali mayi wofatsa, wogulitsa zitumbuwa pasiteji. Tsiku lina tikuswa mtedza pamphasa anandifotokozera nkhani imene dera lonse linkaidziwa kupatula ine mlendo. Zaka zingapo ndisanabwere, mnyamata wina wa kwa Mlonyeni anafika padepoti ndi ngolo yobwereka, ali ndi mkazi wake amene anali ndi pakati potopa. Mnyamatayo anali ataonedwa akukweza mbendera ya otsutsa mumtengo wa pamudzi pawo. Akapitawo anatenga mpeni, kung'amba matumba onse ati akuyendera, mtedza n'kumwazika padothi. Anaupondaponda ndi nsapato, nati ndi zinyalala. Mbuzi za pamsika zinathamangira. Mkazi uja anagwada, mimba ili patsogolo, akutolera mtedza m'chitenje uku akuchonderera. Akapitawo anamuyankha kuti, "Kagwadireni mbendera yanu ija, ikugulireni." Anthu a pamzere anaseka, chifukwa aliyense ankafuna kuti thumba lake lidutse.

Chaka chotsatira mnyamatayo sanabwerenso kudepoti. Anamanga mtedza wake panjinga, n'kudzera njira za m'tchire kukagulitsa mbali ya ku Chipata. Anapeza kuti kumeneko zikuyenda. Anayamba kugula wa anzake, kenako anagula lole yakutha, kenako ina yabwinoko. Pamene ine ndinkafika, anali atasanduka abwana a malole, mwini mashopu kuboda, komanso tcheyamani wa chipani chotsutsa m'dera lathu. Akamadutsa pagalimoto lake, akapitawo ankalavula malovu.

M'chaka changa chachiwiri kampani ija inagwa. Nyengo yogula inafika, geti la depoti osatsegulidwa. Malipiro anasiya kubwera. Pawailesi ankati kampaniyo yamira m'ngongole, ndipo boma likapanda kuiwombola ndi ndalama za misonkho ifa. Boma linkafuna kuiwombola, koma m'nyumba ya malamulo aphungu ake sankakwana kuti adutsitse okha nkhaniyo. Otsutsa anakana. Ankati ndalamazo zingokathera m'matumba mwa anyamata a chipani. A boma ankati otsutsa akudana ndi mlimi. Anakokana chomwecho mpaka mvula inagwa, chimanga n'kumera.

Masana aliwonse antchito a padepoti ankasonkhana pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mpanda, wailesi ili pakati, akumvera aphungu akukuwizana. Akapitawo ankapitabe atavala jekete, ndipo ankakalipira wailesiyo ngati aphunguwo akuwamva. Kunyumba zinthu zinayamba kuchepa. Tiyi anatha. Mipando ya pabalaza inatuluka tsiku la msika osabwereranso. Mwana wawo wamkazi, amene anali kusekondale yogonera komweko, anabwezedwa, n'kumathandiza amayi ake kukazinga zitumbuwa. Chimene chinatsala chinali ng'ombe imodzi kumudzi kwawo, imene akapitawo ankati sangaigulitse ngakhale zitavuta bwanji.

Kenako kunamveka kuti akuluakulu a mbali ziwirizo akumana kuhotela ina ku Lilongwe ndipo agwirizana. Ndalama zituluka. Koma kampani ichepetse antchito, ndipo mipando yotsalayo, kuyambira kulikulu mpaka kumadepoti, igawidwe kuti mbali iliyonse ikhale ndi anthu ake. Pawailesi anati uku ndiye kukhwima pa ndale, kuika dziko patsogolo. Madzulo ake ndinapeza akapitawo akuvina okha pabwalo, mwana wawo akuwaseka.

"Nanga zochepetsa antchitozi, bambo, sizikukudetsani nkhawa?" ndinawafunsa.

"Ochotsedwa ndi alesi, anesi. Ine chipani chino ndinachinyamula paphewa anthu akuchithawa. Angandikhudze ndani?"

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, kunabwera tcheyamani wa chipani chawo. Anali bambo wamfupi, wolankhula motsitsa ngati m'busa, mwini wa botolo sitolo ya kumsewu. Ine ndinali kuchapa yunifomu pambali pa nyumba, ndipo zonse ndinazimva. Anayamba ndi kuyamikira ntchito imene akapitawo anagwirira chipani. Kenako anati Loweruka kukhala msonkhano pabwalo la depoti, zipani zonse ziwiri pamodzi, aphungu abwera, atolankhani abwera, kuonetsa dziko kuti kuno kumalire nakonso tagwirizana.

"Koma anzathu aja ali ndi kapempho kamodzi, achimwene," anatero tcheyamaniyo. "N'kakang'ono. Akuti pa nkhani yakale ija ya mtedza, mupepese kwa mayi aja. Pagulu. Mutagwada."

Ndinasiya kufikisa chovala.

"Ine? Kugwadira mkazi wa mnyamata uja? Mwana woti ndinamuona akuyenda chosavala nsapato?"

"Ndi kanthawi kochepa, achimwene. Mukadzuka, jekete ndi lanu, sikelo ndi yanu. Mukakana, akuti padepoti pano sipatsegulidwa, ndipo anzanu onse aja aziloza inu."

Asananyamuke anawonjezera kuti alendo adzafunika ndiwo, ndipo chipani chikudziwa kuti kumudzi kuli ng'ombe. Anati kampani ikayamba kuyenda zonsezi zidzakumbukiridwa.

Akapitawo anakhala masiku angapo akukana. Amene anawagonjetsa ndi akazi awo. Ndinawamva mmawa wina akusesa pakhomo, osakweza mawu.

"Gwadani, bambo. Mwanayu ali pano, anzake ali m'kalasi. Munagwaditsa anthu ambiri inu, ndipo onse alipo, akuyenda."

Loweruka limenelo sindinali pantchito, choncho ndinapita. Anthu anadzaza mpaka kumsewu. Amayi a zipani ziwiri, amene mwezi wapitawo ankatukwanizana pachitsime, anaima mzere umodzi, nsalu zosiyana, nyimbo imodzi. Ng'ombe ija inali itaphedwa mmamawa, fungo la nyama likuchokera kuseri kwa shedi. Aphungu analankhula, aliyense akudzitama kuti ndiye anapulumutsa mlimi. Kenako woyendetsa mwambo anati pali mkulu wathu wina amene ali ndi mawu.

Akapitawo anatuluka m'gulu atavala jekete lawo lochapidwa bwino. Mayi uja anali atakhala patsogolo pampando wa pulasitiki pafupi ndi mwamuna wake, atanenepa, atavala chilundu chodula ndi duku logwirizana nacho. Akapitawo anafika, n'kugwada m'fumbi. Pomwepo foni ya mayiyo inalira. Anaiyankha. Analankhula za katundu amene wakanirira kuboda, anaseka, anafunsa za ana a munthu winayo, akapitawo ali chigwadire, dzuwa lili pamutu. Atamaliza anaika foni m'chikwama mosafulumira.

"Mayi, ndinakulakwirani. Ndikhululukireni," anatero akapitawo.

"Sitikumva kumbuyo kuno!" wina anakuwa.

Anawabweretsera maikolofoni. Anabwereza, mawu awo aakulu aja akutuluka m'zimkuzamawu mpaka kumsika. Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma abwana a malole anaimirira, n'kukodola munthu wawo amene anabwera ndi lichero lodzaza mtedza. Analitenga okha, n'kukhuthula mtedza wonse padothi patsogolo pa akapitawo.

"Mkazi wanga anatola ali ndi pakati," anatero, osakwiya n'komwe. "Inu mulibe pakati. Tolani."

Akapitawo anatembenuka kuyang'ana tcheyamani wawo. Tcheyamaniyo anali akupukuta magalasi ake ndi mpango, ndipo anawapukuta nthawi yaitali. Phungu wa chipani chawo ankanong'onezana ndi phungu mnzake, onse akumwetulira. Akapitawo anawerama, nayamba kutola.

Mafoni anakwera m'mwamba ngati mapesi. Alimi amene anabwezedwapo pasikelo anakankhana kuti afike kutsogolo. Mkulu wina wopanda mano anawerama pafupi nawo, n'kunena mokweza kuti, "Ngwonyowa umenewo, akapitawo. Kauyanikeni, mubwere sabata yamawa." Bwalo lonse linagwa nako kuseka. Amene anaseka kwambiri, mpaka kugwirana mapewa, anali amayi a chipani cha akapitawo omwe, amene dzulo lake ankawatchula kuti bambo athu. Ine ndinaima ndi akazi awo. Sanalire. Anangondigwira pamkono, ndipo pofika kunyumba ndinapeza zikhadabo zawo zitandisiyira mabala.

Lichero litadzaza, mayi uja anati wakhululuka. Nthungululu zinalira, matcheyamani awiri anakumbatirana, ojambula n'kujambula. Akuluakulu analowa m'shedi kukadya. Akapitawo palibe anawaitana, ndipo nyama ya ng'ombe yawo sanailawe. Madzulo ndinawapeza akupukuta maondo a thalauza ndi kansalu konyowa.

"Zatha, anesi," anatero osandiyang'ana. "Lolemba tikutsegula."

Lolemba mmawa ndinali pasiteji kudikira minibasi, ndipo geti la depoti limaonekera pamenepo. Ndinawaona akufika. Pageti panali mlonda wachilendo, amene sanawatsegulire. Analankhulana, akapitawo akuloza mkati, mlondayo akupukusa mutu. Kenako m'shedi munatuluka munthu wovala khoti la kapitawo, makiyi akulendewera m'chiuno. Anali mlamu wake wa abwana a malole, amene kale ankasintha ndalama kuboda. Anafika pawaya, n'kunena kanthu kochepa, n'kubwerera.

Akapitawo anachoka pageti akuyenda ngati woledzera. Ndinaisiya minibasi, n'kuwathamangira. Ndinawauza kuti tipite kunyumba akakhale pansi, koma anandikankha dzanja, n'kulunjika kubotolo sitolo. Ndinawatsatira.

Tcheyamani anali akupanga makireti, ndipo pakauntala panali madalaivala awiri a malole amene ankadikira mapepala a kuboda.

"Atcheya, pageti akundikaniza."

"Khalani pansi, achimwene."

"Sindikhala. Akuti kapitawo ndi wina."

Tcheyamaniyo anapumira m'mwamba ngati wolakwiridwa ndi iyeyo. Anati malo a padepoti anagawana monga anachitira akuluakulu ku Lilongwe. Chipani chathu chinatenga ukalaliki ndi udalaivala. Anzathu aja anati popanda ukapitawo palibe mgwirizano. Nanga chipani chikanatani? Depoti yonse ife chifukwa cha munthu mmodzi?

"Ukalalikiwo wapita kwa ndani?"

"Kwa mwana wanga wamkulu uja. Ali ndi mapepala."

"Zimenezi munagwirizana liti?"

"Ndi kale, achimwene. Ndisanabwere kwanu kuja."

Akapitawo anagwira kauntala ndi manja onse awiri.

"Nanga kugwada kuja? Nanga ng'ombe yanga?"

Anayankha ndi mmodzi wa madalaivala aja, botolo lili kukamwa.

"Ameneyo anali basela, mdala. Wogula zambiri amapatsidwa kapamwamba."

Mnzake anaseka mpaka kutsamwa. Tcheyamani naye anayesa kudzigwira, koma ndinaona mapewa ake akugwedezeka atatembenukira kumakireti.

Kanema wa tsiku lija anayenda m'mafoni mpaka kuchipatala kwathu. Anzanga ankaonetsana pa nthawi ya tiyi, wina ataikamo kanyimbo. Ana a pasukulu ya pulayimale anayambitsa masewera, mmodzi kukhala pamwala ngati mayi uja, wina kugwada n'kumatola timiyala. Akabaza akawaona akapitawo ankaliza mabelu n'kumakuwa kuti, "Tolani!" Kutchalitchi anawachotsa pa udindo wosunga makiyi, ati apumule kaye. Ndalama zimene ochotsedwa ntchito analonjezedwa zinkangomveka kuti zikubwera. Akapitawo anasiya kutuluka. Jekete analipachika kuseri kwa chitseko, n'kumakhala pakhonde la kuseri, moyang'anana ndi khomo langa, tsiku lonse.

Ndinawayeza kuthamanga kwa magazi kangapo, n'kuwauza kuti zafika poipa, apite kuchipatala. Ankangoti, "Kuti akandionere kumeneko?" Mankhwala amene ndinawabweretsera ankamwa akafuna.

Mmawa wina mwana wawo anawapeza atagwa kuseri kwa bafa. Tinawanyamula pagalimoto la munthu wina wa mpingo. Anagonekedwa kuwodi ya abambo, mbali yonse ya kumanja itafa, pakamwa patapotoka. Mawu aakulu aja anatha. Chimene chinkatuluka chinali kubuula kokha, koma maso ankaona zonse ndipo ankamva chilichonse.

A chipani chawo palibe anabwera. Amene anatumiza munthu ndi mkazi wa abwana a malole. Anatumiza shuga, sopo, ndi jumbo yaikulu ya nsinjiro, ati odwala azidyera phala. Kaya chinali chifundo, kaya kunali kupitiriza, sindinadziwe, ndipo mpaka lero sindidziwa. Akazi a akapitawo analandira ndi manja awiri, chifukwa kunyumba kunalibe kanthu. Anaphika phalalo kukhitchini ya odikirira odwala, n'kubwera nalo. Akapitawo anali atamva kumene nsinjirozo zachokera. Supuni itafika pakamwa, anakukuta mano, n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Mayi wofatsa uja ndinamuona akusintha pamaso panga. Anawagwira chibwano, n'kuwatembenuza mwamphamvu.

"Yasamulani. Munatola kale pamaso pa anthu, kudya kukuvutani chiyani? Ng'ombe munapereka nokha. Mwana munamuphera sukulu nokha ndi chipani chanucho. Yasamulani, ine ndatopa."

Akapitawo anayasamula. Misozi inkatsikira m'khutu uku akumeza.

Anatuluka m'chipatala osachira. Depoti inagula mbewu nyengo imodzi yokha, n'kutsekedwanso. Pawailesi anati ndalama zowombolera zija zinathera kubweza ngongole zakale ndi kulipira akuluakulu a kulikulu, ndipo aphungu anayambanso kulozana zala. Shedi ija anaichita lendi abwana a malole, n'kumasungiramo soya wopita ku Zambia. Alimi ankagulitsa kwa iwo pa mtengo umene iwo anena, ndipo mlamu wawo uja anaphunzira msanga kunena kuti mbewu njonyowa. Mwana wa akapitawo anakwatiwa ndi dalaivala wina, n'kupita naye ku Chipata.

Chisankho chitayandikira, abwana a malole anachoka ku chipani chotsutsa, n'kulowa cholamula, ndipo anapatsidwa mwayi woimira dera lathu. Wowayendetsera kampeni anali tcheyamani wamfupi uja. Masana ena ndili panyumba ndinamva magalimoto ndi nyimbo zikuima pamsewu. Analowa pabwalo onse awiri, gulu la amayi ndi wojambula ali pambuyo. Ankayendera okalamba ndi odwala.

Akapitawo anali pampando wawo pakhonde, malovu akutsikira pa malaya ong'ambika pakhosi. Atawaona anayamba kubuula, dzanja lamoyo lija likumenya mpando.

"Taonani, akusangalala," anatero tcheyamani. "Mkulu wathu uyu, msilikali wakale wa chipani."

Amayi awiri anawavula malaya aja, n'kuwaveka tisheti yatsopano yokhala ndi nkhope ya abwana a malole pachifuwa. Dzanja lakufa analipinda kuti lilowe. Abwanawo anagwada bondo limodzi pambali pawo, atayala kaye mpango pansi, n'kuwakoleka dzanja paphewa. Tcheyamani anaima mbali inayo, n'kukweza m'mwamba dzanja lamoyo la akapitawo, atalifinya kuti lisagwedezeke. Wojambula anati aliyense amwetulire. Anasiya paketi ya shuga, n'kupita nyumba yotsatira, nyimbo ikupitirira.

Fumbi litatsika ndinapita pakhondepo. Akapitawo ankakoka tishetiyo ndi dzanja limodzi, akulephera kuivula, maso ali pa ine. Ndinawerama kuti ndiwathandize. Akazi awo anatulukira pakhomo atanyamula shuga uja.

"Asiyeni, anesi," anatero. "Alibenso ina yabwino."

Ndinawasiya. Mwezi wotsatira chithunzi chija chinamatidwa pamitengo ndi pamashopu kuyambira pa Kamwendo mpaka kuboda, ndipo ndinkachiona pawindo la minibasi popita kuntchito ndi pobwera. Akapitawo anakhalabe ndi moyo zaka zina. Pamene ndinkasamutsidwa ku Mchinji ndinawasiya pakhonde lomwelo, ndipo potsanzikana anatseka maso mpaka ndinachoka.